Nsomba ya Lolemba, mang'ina a pa Park Avenue

Nkhani imene Anthony Bourdain anatulutsa m'magazini ya The New Yorker ya pa 19 April 1999 anthu ambiri amaikumbukira ndi langizo limodzi: usaitanitse nsomba mu lesitilanti tsiku Lolemba. Langizoli linayenda mtunda wautali n'kuisiya nkhani yake m'mbuyo, moti ngakhale amene sanaiwerengepo ankalibwereza patebulo. Mutu wake, "Don't Eat Before Reading This", woletsa munthu kudya asanawerenge, nawonso unachititsa kuti anthu aione ngati chenjezo basi. Koma woiwerenga modekha mpaka kumapeto amaona kuti mlembi sakuthamangitsa anthu m'malesitilanti. Akuwachotsa m'malo odyera a mtundu wina n'kukawasiya m'malo odyera a mtundu winanso, ndipo phata la nkhani yonse lagona pa kusiyana kwa malo awiriwa.

Pa nthawiyo Bourdain anali ndi zaka 42. Anali mkulu wa khitchini ya Brasserie Les Halles pa Park Avenue South mumzinda wa New York, malo amene anatsegulidwa mu 1990 ndipo iye analowako ntchito mu 1998. Brasserie ndi mtundu wa malo odyera umene unakulira ku Paris, makamaka m'manja mwa anthu ochokera ku Alsace amene ankagulitsa mowa ndi chakudya chokhutitsa. Bofinger ya mu 1864 ndi Lipp ya mu 1880 zikadalipo mpaka lero. Kumalo otere menyu sasinthasintha. Kuli nyama yootcha ndi tchipisi, supu wa anyezi, masoseji, phokoso ndi matebulo othithikana, ndipo odya ambiri ndi anthu obwerabwera. Les Halles ya ku New York inatenga dzina la msika waukulu wakale wa ku Paris, ndipo munthu polowa ankayamba wadutsa pa butchala.

Ndime yoyamba ya nkhaniyi ilibe ulemu wa patebulo. Chakudya chabwino akuchiika m'gulu limodzi ndi magazi, zam'mimba, kuwola ndi kuzunzika kwa ziweto, n'kutchula mafuta a nkhumba, tchizi chonunkha ndi ziwindi zotupa. Kenako akubwera ndi masamu: ma oyster (nkhono za m'nyanja) 207 oyamba angakusangalatse kwabasi, koma ya nambala 208 ingakugoneke pabedi ukunjenjemera ndi kusanza. Wolemba wina akanangoti mazana awiri. Nambala yosakwana bwinoyi ikumveka ngati ya munthu amene ntchito yake ndi kuwerenga katundu m'furiji m'mawa uliwonse, ndipo imatichititsa kumukhulupirira pa zimene anene kutsogoloku. Taonaninso mbali imene masamuwo akulemera: kukondwa ka 207, kudwala kamodzi. Munthu wofuna kukuopseza sawerengera motero. Ndime yomwe ikuoneka yonyansitsa chakudyayi ikunena kale kuti idyani, koma idyani mukudziwa chimene mukudya.

Kuchokera apo ululu ukuchoka pa chiweto ndi pa wodya, n'kugwera wophika. Ophika akuwafanizira ndi gulu lachinsinsi lokhala ndi miyambo yake ya kupirira, ndi anthu a m'sitima yoyenda pansi pa madzi, ndi amalinyero a nkhondo a m'nthawi ya Napoleon: otsekeredwa m'malo otentha opanda mpweya, olamulidwa ndi mabwana ankhanza, onyoza anthu akunja. Akukumbutsa za George Orwell, amene buku lake la mu 1933 limafotokoza nthawi imene anatsuka mbale ku Paris, n'kunena kuti zinthu zasintha: masiku ano ambiri amalowa ntchitoyi mwa kufuna kwawo, ataiphunzira kusukulu. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa nkhani yomweyi idzawatsutsa isanathe.

Chimene chamuyankhulitsa akuchinena poyera, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chaka chimodzi m'mbuyomo lesitilanti yotchuka imene ankaphikamo cha ku Times Square inagwa. Ogulitsa nyama, nsomba ndi masamba analuza ndalama zawo, ndipo makasitomala oimba foni ankayankhidwa ndi mawu ojambulidwa onena kuti patsekedwa. Apa m'pamene akuti anayamba kuganiza zopereka anzake a ntchito. Lonjezo la nkhaniyi ndi limeneli: wophika wokwiya aulula zam'khitchini.

Nthawi yomweyo kayankhulidwe kakusintha. Anali kunena za "ife" ophika. Tsopano akuloza wowerenga chala. Ndi Lolemba usiku, wasiya jekete pakhomo la lesitilanti yonyezimira ya m'dera la Flatiron, malo amene nyuzipepala ya The New York Times inawapatsa nyenyezi ziwiri, ndipo mtima uli pa nsomba ya tuna. Ndiye akuyala kalendala. Mkulu wa khitchini amaitanitsa nsomba Lachinayi usiku, imafika Lachisanu m'mawa, akuyembekeza kugulitsa yambiri Lachisanu ndi Loweruka, yotsala ithe Lamulungu. Ogulitsa ambiri sabweretsa katundu Loweruka. Choncho ya Lolemba yagona masiku anayi m'furiji imene chitseko chake chakhala chikutsegulidwa kosalekeza pa nthawi ya ntchito. Chochititsa chidwi m'ndime imeneyi n'chakuti mulibe munthu woipa. Palibe wakuba, palibe wothira chinyengo. Muli masiku a sabata ndi ndalama basi. Ndipo asanapume akupereka kale njira: bwerani Lachiwiri, pamene nsomba ndi yatsopano, zokonzeratu zonse ndi zatsopano, ndipo mkulu wa khitchini wabwera atapumula. Akuwonjezera kuti eni mzinda amadya pakati pa sabata, kumapeto kwa sabata n'kwa alendo odzaona malo ndi othamangira ku zisudzo. Langizo lenileni la ndimeyi si la nsomba ayi. Ndi lakuti khala munthu wa m'deralo, wodziwa masiku a khitchini imene imakudyetsa.

Ndime ya nyama yopsetsa ndiyo yolembedwa mwaluso kuposa zonse, ndiyonso yopweteka. Wophika wapeza nthuli yoipa, yolimba, yodzaza mitsempha, mwina yayamba kafungo. Akuikweza m'mwamba kufunsa bwana chochita nayo. Bwana ali ndi njira zitatu, ndipo mlembi akuziyala ngati wowerengera ndalama. Kuitaya n'kuluza, chifukwa m'malonda amenewa chinthu chilichonse chiyenera kubweza katatu mtengo umene chinagulidwira. Kuipereka kwa antchito, omwe m'malesitilanti amatchedwa banja, pa nkhani ya ndalama n'chimodzimodzi kuitaya. Yatsala njira yachitatu: kuisungira kasitomala amene adzapemphe nyama yopsetsa, chifukwa moto wambiri umabisa zonse. Kachithunzika n'kakafupi, kali ndi anthu awiri ndi funso limodzi, koma kakuonetsa lamulo limene likuyendetsa khitchini iliyonse m'nkhaniyi: kanthu kasatayike. Onaninso kuti banja likutuluka koyamba pano, pa mzere wa zoluza. Pambuyo pake mlembi adzanena mwachikondi kuti khitchini ndi malo amene munthu wa mbiri yoipa amapezako banja latsopano. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo iye sakuziyanjanitsa.

Pamene ndikusiyana naye ndi pa mlandu. M'ndime ya nsomba sanaweruze munthu. Pano akuweruza wodya. Wopempha nyama yopsetsa akumutenga ngati mbuli yoyenera kudyetsedwa zotaya, ngati kuti kusakonda nyama yofiira m'kati ndi tchimo limene limachotsa ufulu wa munthu wolipira ndalama zonse. Anthu amapsetsa nyama pa zifukwa zambiri: amayi oyembekezera, odwala, ndi onse amene anakulira kumene nyama imapachikidwa pamsika tsiku lonse popanda furiji. Chimene chikuchitika m'khitchiniyo ndi kunamiza kasitomala, ndipo nthabwala za mlembi zimachititsa wowerenga kuima mbali ya wonamizayo asanazindikire.

Zotsatira akuzidutsa mwaliwiro, ifenso tingatero. Brunch, chakudya cha m'mawa chodyedwa mochedwa kumapeto kwa sabata, ophika amadana nacho chifukwa ngakhale uchikongoletse bwanji chimakhalabe chakudya cha m'mawa basi. Nkhuku imaonongeka msanga, imafalitsa tizilombo ta salmonella ikagwiridwa mosasamala, ndipo ili pa menyu kaamba ka anthu osowa chosankha. Nkhumba ndiye akuitamanda. Osadya nyama akuwatcha adani, ndipo osakhudza ngakhale mkaka ndi mazira akuwafanizira ndi gulu la Hezbollah. Apa sakuululanso chinsinsi chilichonse. Akungogawa odya m'magulu awiri, amene khitchini imawalemekeza ndi amene imawanyoza, ndipo wowerenga aliyense amafuna kudzipeza m'gulu loyamba. Mphamvu yokopa ya nkhaniyi ili pomwepa, ndipo kufooka kwake kulinso pomwepa.

Pofika pa batala, nkhani yatembenuka, ngakhale mawu ake akadali aukali. Akuti batala ndiye woyamba kulowa m'poto ndiponso womaliza, moti m'lesitilanti yabwino ungadye pafupifupi mpukutu wonse wa ku America, womwe ndi magalamu 113, pa chakudya chimodzi. Uku si kudandaula, akunyadira. Akuti lesitilanti ikakhala yapamwamba ndiye kuti chakudya chako chagwiridwa ndi zala zambiri, chafinyidwa, chalawidwa. Magolovesi alipo pamwamba pa malo ophikira aliyense, koma n'ngoonetsa a zaumoyo oyendera malesitilanti, chifukwa ntchito ikatentha amagwetsetsa zinthu. Buledi wobwerera kutebulo n'kupitanso kwa ena, amene mtolankhani wina anamujambula ndi kamera yobisika, akuti si nkhani, aliyense m'ntchitoyi amadziwa. Chodetsa nkhawa ndi batala wotsala patebulo amene ena amapangira msuzi wa hollandaise. Ndipo pakati pa zonsezi akuikapo chiganizo chimene chikugwetsa lonjezo lake lija: makhitchini abwino ambiri ndi aukhondo kuposa khitchini ya kunyumba kwako, ndipo yake iye ndi yosamalidwa bwino. Munthu uja anati apereka anzake tsopano waima pakhomo akuwateteza. Chimene wapereka ndi maganizo a wodya oti chakudya chimafika patebulo chisanakhudzidwe ndi munthu.

Kenako akudzifunsa chimene iye amakonda kudya akaweruka, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu ake akufewa. Ma oyster 3 koloko m'bandakucha ali ndi anzake a ntchito. Soseji ya magazi. Zotsalira za bakha wophikidwa m'mafuta ake. Masamba ophikidwa mmene wachiwiri wake amaphikira. Zimene anayamba nazo ngati zoopsa zabwereranso ngati zokondedwa, ndipo pafupifupi chilichonse chili ndi malo ake kapena munthu wake. Akunena poyera kuti amakonda moyo wa m'khitchini ndi anthu ake osalongosoka, ndi kuti ku America khitchini ndi pothawirapo pa osowa kolowera ndi pa obwera: a ku Ecuador, Mexico, China, Senegal, Egypt, Poland. Chiyankhulo chomveka kwambiri m'makhitchini a New York akuti ndi Chisipanishi.

Apa m'pamene mawu aja oti ambiri amalowa ntchitoyi ataisankha ndi kuiphunzira akugwa. Bourdain anaisankhadi, anamaliza maphunziro ku Culinary Institute of America mu 1978. Koma munthu wa ku Ecuador wosenda mbatatesi m'chipinda chapansi sanafike kumeneko potsata maloto a uphikaphika. Anthu amenewa m'nkhaniyi ndi mndandanda wa mayiko. Palibe mmodzi amene ali ndi dzina, palibe amene tikumva za malipiro ake kapena maola ake, pamene za nthuli ya nyama tauzidwa kuti iyenera kubweza katatu. Akazi ndiye sakuoneka n'komwe ngati anthu oyankhula. Ndewu akuzifotokoza mosangalala: mbale zoponyedwa, mkulu wa khitchini woluma mphuno ya woperekera zakudya. Woluma ndiye ali pakati pa chithunzi. Wolumidwa sitimva za iye.

Ndime yomaliza ndiyo imafika pa brasserie, ngakhale sakuitchula dzina. Amavomera kuti kale ankazunza operekera zakudya, makamaka lesitilanti ija ili pafupi kugwa, koma tsopano wasiya. Chamusintha n'chiyani? Si malipiro, si bwana. Malo atsopanowa akuyamba kuwafotokoza ndi makasitomala ake: amadya nyama yosapsetsa, osadya nyama ndi ochepa, ndipo chiwalo chilichonse cha chiweto, ziboda, mphuno, masaya, chikopa ndi zam'mimba, chimaphikidwa ndi kudyedwa moyamikira. Mapazi a nkhumba ndi chifu zimayenda malonda. Msuzi amaulimbitsa ndi magazi.

Kwa wowerenga wa ku New York mu 1999 mndandanda umenewu unali wochititsa nthumanzi, chizindikiro cha wodya wolimba mtima. Kwa ife amene tinakula tikudya mang'ina, nthumbwana, chifu ndi uwende mulibe chodabwitsa, ndipo kusadabwako kumatithandiza kuona chimene wowerenga wodabwa angachiphonye. Kuphika ziboda ndi magazi si kulimba mtima, ndi kusataya. Ndi lamulo lomwe lija la nthuli yoipa, la nsomba ya Lachisanu, la buledi wobwerera. Makhitchini onse awiri, ya ku Flatiron ndi ya brasserie, akumvera lamulo limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'lesitilanti yonyezimira chosatayidwacho chimabisidwa, chimafika patebulo chitavala dzina lina, pamene mu brasserie chalembedwa pa menyu ndi mtengo wake ndipo wodya wachipempha yekha. Wophika safunikanso kunama. N'chifukwa chake mkwiyo wake watha. Nkhani imene inayamba ndi munthu wofuna kuulula zinsinsi ikuthera m'khitchini imene chinsinsi chachikulu cha ntchitoyi sichikufunikanso kubisidwa.

Mbale imene akutsekera nayo ndi pot-au-feu, nyama yowiritsa ya ku France: nthiti, mchira wa ng'ombe, phewa, kabichi, karoti, mbatatesi. Izi ndi ziwalo zolimba, zodzaza mitsempha, zofanana ndi nthuli ija inakwezedwa m'mwamba monyozedwa. Ndipo pot-au-feu imakhala pamoto maola ambiri mpaka nyama kulekana ndi fupa. Mulibe kufiira kulikonse m'kati mwake. Munthu amene wanyoza odya nyama yopsetsa wapeza mtendere wake pa mbale ya nyama yolimba yopsa kotheratu. Mlembi sakuzitchula izi, koma mbaleyo ikumuwongolera: vuto silinali nyama yolimba kapena moto wambiri, linali kugulitsa chinthu china m'dzina la chinzake.

Chimene chikundivutabe ndi mboni zimene waitana. Mbale yoyamba ikutuluka, obwera kudzaionerera ndi anzake a ku France, akatswiri akale pa ntchitoyi, ndipo nkhope zawo akuti zinali ngati za anthu opemphera. Kenako pakubwera chiganizo chachifupi kwambiri chonena kuti wafika kwawo. Pambuyo pa ziganizo zazitali zodzaza mindandanda, kufupika kwake kumagunda mtima, ndipo ndikuvomera kuti ndi mathero amphamvu. Koma chidindo chakuti wafikadi chaikidwa ndi a ku France. Anthu olankhula Chisipanishi aja, amene ndiwo ambiri m'makhitchini a mzindawo monga mwini wake wanenera, palibe amene watembenukira kuti aone nkhope yake.

Bourdain anakhala ndi moyo wokwanira kukonza zina mwa izi. Nkhaniyi inabala buku la Kitchen Confidential mu 2000, ndipo bukulo linamutulutsa m'khitchini n'kumuika pa wailesi yakanema. Langizo la nsomba ya Lolemba analibweza m'buku lake la mu 2010 ndiponso mu 2016, ponena kuti zinthu zinasintha ndipo anthu adye nsomba. Mu 2017 analemba kuti akumva chisoni ndi mmene zolemba zake zinakometsera khalidwe la m'makhitchini limene linkapweteka akazi. Za obwera anayankhula mokweza kwa zaka zambiri, kuti popanda iwo malesitilanti a ku America sangayende, ndipo amene anadzatsogolera khitchini ya Les Halles pambuyo pake, Carlos Llaguno wa ku Puebla m'dziko la Mexico, anamuonetsa pa kanema ndi dzina lake ndi kwawo komwe. Llaguno anamwalira mu 2015, Les Halles ya pa Park Avenue South inatsekedwa mu 2016, ndipo Bourdain anamwalira pa 8 June 2018 ku Kaysersberg m'dziko la France. Chimene anthu ankachiloweza kwambiri m'nkhaniyi ndicho chinayamba kuwola. Chatsala ndi mfundo yakuti malo abwino odyera ndi amene wophika ndi wodya sabisirana.

Nkhani ya mu 1999 ija inafika pa desiki ya mkonzi wa The New Yorker, David Remnick, kudzera mwa mayi ake a Bourdain, amene ankagwira ntchito ku The New York Times. Wotsuka mbale wa ku Ecuador analibe khomo lotere, n'chifukwa chake mbali yake sitinaimve. Abale athu ambiri ali m'makhitchini a malesitilanti a ku Johannesburg ndi Cape Town, akusenda, akutsuka, akuotcha nyama ya anthu ena mpaka pakati pa usiku. Inu amene muli kumeneko, mukudziwa tsiku limene nsomba imafika, chimene antchito amadyetsedwa, ndi ndalama imene imatsala mwezi ukatha. Lembani zimenezo m'Chichewa, ndi masiku ake ndi mitengo yake monga anachitira Bourdain, ndipo anzanu a pa ntchito akalola muwatchule mayina.